Mantha akakugwirani mwezi wa njala, kumudalira Mulungu mumayambira pati?

Januwale ndi Febuluwale kuno ku Kasungu tulo timavuta abale. Chimanga cha munkhokwe chatha, cha kumunda chikufuna fetereza wobereketsa, ana akufuna fizi ya temu yachiwiri, fodya akadali mmunda ndipo ndalama yake tidzaiona mwina Epulo kapena Meyi msika ukatsegulidwa ku Chinkhoma. Ku tchalitchi timauzana kuti dalirani Mulungu, ndi zoona ndithu, koma kudalirako munthu umapanga bwanji usiku uja mtima ukungogunda anzako onse ali mtulo?

Yambani ndi kumuuza Mulungu chomwe mukuopacho, mochitchula dzina. Ambiri timapemphera mozungulira ngati tikuchita manyazi, Ambuye mukudziwa zosowa zathu, basi ameni. Ayi, nenani kuti Ambuye ufa watsala wa mawa lokha, mwana akutentha thupi, mwini ngongole wanena kuti abwera Lachisanu, ine ndikuopa. Kuopa si tchimo. Salimo 56 Davide analiimba Afilisti atamugwira ku Gati, ndipo pa vesi 3 akuvomera yekha kuti tsiku lochita mantha lilipo, nde pa tsiku lomwelo mpomwe akuti adzakhulupirira Mulungu. Ngati mau akusowani werengani salimo lomwelo mokweza, likhale pemphero lanu.

Kenako idyani chomwe chilipo mugone. Eliya pa 1 Mafumu 19 anathawa Yezebeli mpaka kupempha imfa pansi pa mtengo, mngelo sanamukalipire, anamupatsa mkate ndi madzi, nagonanso. Zinthu zikuluzikulu ngati kugulitsa munda osamaziganiza usiku muli ndi njala.

Kukacha werengani zomwe muli nazo. Pa 2 Mafumu 4 pali mayi wamasiye amene amuna ake anasiya ngongole, mwini ndalama amafuna kudzatenga ana ake awiri akhale akapolo. Elisa anamufunsa kuti mnyumba muli ndi chiyani, mayi nkuti mulibe kanthu koma kamtsuko ka mafuta basi. Anamutuma kukabwereka ziwiya kwa aneba, iye nkuthira, nkukagulitsa mafutawo, nkubweza ngongole. Chozizwitsa anachita ndi Mulungu, koma kuyenda khomo ndi khomo kubwereka ziwiya anayenda ndi mayiyo, manyazi anawasiya kunyumba. Nde inunso khalani pansi ndi akunyumba kwanu muone, pali nkhuku zingati, njinga ija ingapange kabaza, kadimba ka mphepete mwa Bua kaja kangogona, mbeu ya mbatata mungapemphe kwa ndani poti mbatata olo mubzale Febuluwale imachitabe. Ganyu pitani, koma chenjerani, ambiri timatha sabata yonse tikupalira kwa eni ake kwathu udzu nkumaliza chimanga, chaka chamawa njala yomweyo. Mmamawa gwirani kwanu kaye ngakhale mizere yochepa, ganyu pambuyo. Mwini ngongole mupitireni nokha asanabwere, mumuuze zoona za tsiku lomwe mungathe kubweza. Ndipo katapila musamuyandikire chonde, ndalama yomwe mwatenga lero pobweza imatha kuwirikiza, ya fodya yonse nkuthera kwa munthu yemwe sanagwireko khasu.

Osadzitsekera. Mantha amakula munthu ukakhala wekha, nchifukwa chake pali milaga, miphakati, amayi a Chigwirizano, akulu a mpingo. Sankhani mmodzi kapena awiri osunga pakamwa muwauze mmene zilili, Agalatiya 6:2 akuti tinyamulirane zothodwetsa, koma mnzanu anyamula bwanji katundu yemwe mukumubisa?

Apa nditsindikepo pang'ono chifukwa zimandiwawa. Munthu akakhala pa mavuto mpomwe amabwera aja ogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa, akuti bzalani mbeu ya chikhulupiriro, mayi nkugulitsa mbuzi yake yomaliza kukapereka. Ena amafika pokuuzani kuti akukulodzani ndi azakhali anu kapena agogo a kuseri kuja, mudzi nkugawikana, nkhalamba yosalakwa nkugona kutchire. Yesu atafunsidwa za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9 kuti anachimwa ndani, anayankha kuti sanachimwe iye kapena makolo ake. Mulungu sagulitsa chifundo chake, aliyense wokutchajani ndalama kuti akupempherereni musiyeni. Mwana akadwala malungo kapena kutsegula mmimba mtengereni kuchipatala tsiku lomwelo, pempherani muli pa njinga, ndipo amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a BP musasiye chifukwa wina wanena kuti mwachira.

Tsopano chovuta kwambiri, nanga mukapemphera koma osasintha kanthu? Sindikunamizani, zimachitika. Amene analipo 2002 akukumbukira mmene njala inakanthira boma lino, anthu kudya madeya ndi zitsa za nthochi, ndipo mwa omwe tinaika mmanda munali akhristu opemphera kuposa ife. Anzathu a mmalire mwa paki ya nyama zakutchire ya Kasungu, chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ena munda wa chaka chonse unatha usiku umodzi, ena anataya abale. Anthu amenewa chikhulupiriro sichinawachepere ayi. Sadrake, Mesake ndi Abedinego pa Danieli 3 anamuuza Nebukadinezara kuti Mulungu wathu akhoza kutilanditsa, koma olo asatilanditse fano lanulo sitiligwadira. Habakuku pa mutu 3 vesi 17 ndi 18 akuwerenga minda yosabala, makola opanda nkhosa ndi ng'ombe, nkunenabe kuti adzakondwera mwa Yehova. Mavesi amenewa muziwawerenga ndi ana madzulo zinthu zisanafike poipa, awadziwe pamtima, chifukwa tsiku lolira munthu sutha kutsegula Baibulo. Ndipo kulira lirani, Yesu analira pamanda a Lazaro, ku Getsemane anapempha katatu kuti chikho chimupitirire.

Inu amene chaka chino nkhokwe ikadali ndi kanthu, gawo lanu lilipo. Yakobo 2:15-16 akudzudzula wouza mbale wanjala kuti pita mumtendere osamupatsa chakudya. Mukamva kuti kwa aneba moto sunayake dzulo, musadikire adzapemphe, tumizani mwana ndi kambale ka ufa kukada anthu asaone. Kwa amene munda waonongeka pitani mukakhale nawo pakhonde, ulaliki usachuluke, afunseni tsiku lomwe akufuna kubzalanso, tsikulo mufike ndi khasu lanu ndi mtolo wa mbeu ya mbatata.