Momwe mungalumikizire kompresa yaikulu ku magetsi m'galaja

Kompresa yaing'ono yopopera matayala mumangoibaya pasoketi basi. Koma yaikulu, ya mota ya 5.5 kW kapena 7.5 kW, monga zomwe zimaguguda m'magalaja a ku Biwi ndi ku Kanengo, imafuna mzere wakewake wa magetsi. Ntchitoyi agwire ndi mmisiri wa chiphaso cha MERA, komabe inu eni galaja muzidziwa chomwe akuchita, chifukwa mota ikapsa ndalama zituluka m'thumba mwanu.

Yambani ndi kachitsulo komatidwa pa mota, pomwe palembedwa ma volt, ma amp ndi ma kW. Makompresa aakulu ambiri ndi a three phase, magetsi obwera pa mawaya atatu amoto, a 400V, ndipo magetsi a m'nyumba a 230V sangawayendetse. Ngati pamalo panu palibe three phase, kafunsireni ku ESCOM musanagule chilichonse.

Kenako waya. Mota ya 7.5 kW imakoka ma amp pafupifupi 15. Chingwe cha armoured, chokutidwa ndi chitsulo, cha 4 mm² chimakwana pa mtunda waufupi. Kukatalika kwezani pa 6 mm², poti mphamvu imathera m'njira ndipo mota imatentha. Chingwecho chichokere pa breaker (swichi yodula magetsi yokha ma amp akapyola muyeso) yakeyake, osagawana ndi makina owotcherera zitsulo. Sankhani breaker ya type D, yomwe sithima msanga ma amp akakwera kwa kamphindi, chifukwa poyamba kuzungulira mota imakoka ma amp ochuluka ka 6 kapena ka 7 kuposa ikakhala kuti yathamanga kale. Pakhoma pafupi ndi kompresa ikanipo isolator, swichi yodula magetsi onse opita ku kompresa, yoti munthu azimitse asanagwire lamba.

Pamene ambiri amaumira ndalama ndi pa starter, bokosi loyatsira ndi kutetezera mota, ndipo apa m'pamene ndikukupemphani kuti musaumire. Mawaya atatu aja alowe mu contactor (swichi yaikulu yoyendetsedwa ndi koyilo), adutse mu overload (kachipangizo kozimitsa mota ikakoka ma amp opyola muyeso), ndiye apite ku mota. Pressure switch ya pa thanki, yomwe imayatsa ndi kuzimitsa kompresa potengera mpweya uli m'thankimo, isanyamule mphamvu yonse ya mota. Ntchito yake ikhale kuyatsa ndi kuzimitsa koyilo ya contactor yokha. Overload itchereni pa ma amp omwe munawerenga pa kachitsulo kaja. Ikamathima pafupipafupi, fufuzani chavuta, musangoikweza. Mota zokulirapo amaziyambitsa ndi star-delta, njira yochepetsa ma amp poyamba kuzungulira, ndipo katcheredwe ka overload yake n'kosiyana, choncho afunseni amisiri anuwo.

Onjezaniponso phase failure relay, kachipangizo kozimitsa mota waya mmodzi mwa atatu aja akakhala wopanda magetsi. Magetsi akathima, nthawi zina amabwerera ndi mawaya awiri okha. Zikatero mota imangong'ung'udza osazungulira, kenako mumamva fungo la vanishi wopserera. Kachipangizo aka mtengo wake sufika n'komwe pa wa kukulungitsanso mota.

Waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu, mumange molimba pa thupi la mota, ndipo ayezedwe ndi mita.

Poyesa, onani kaye mafuta, bwezeretsani chotchinga lamba, ndiye yatsani kamphindi chabe muzimitsenso. Yang'anani ngati gudumu la lamba likutsata muvi wojambulidwa pa makinawo. Likabwerera m'mbuyo, zimitsani isolator, mutsimikize kuti m'mawaya mulibe magetsi, musinthanitse mawaya awiri aliwonse mwa atatuwo. Pa kompresa ya screw, yomwe ilibe mapisitoni, musachedwe kuzimitsa, kuzungulira chobwerera kumaiwononga msanga.

Zikakhala bwino, isiyeni idzaze thanki mpaka izime yokha. Pozima mumve kampweya kakutuluka kuti psii pa unloader valve, valavu yotulutsa mpweya wotsalira m'paipi mota ikazima. Kakapanda kumveka, mota izidzayamba itasenza mpweya wonse wa m'paipi, ndipo breaker izingothima. Konzani valavuyo musanayambe kupopera utoto.