Kuyeza mpweya wa phosphine mosungira chimanga ku Kasungu

Mwafunsa ngati antchito angalowe mosungira chimanga mutafukiza ndi mapilitsi otulutsa phosphine, mpweya wapoizoni wophera tizilombo. Mphuno isakunamizeni bambo, fungo la ngati adyo lija si muyeso.

Yambani ndi malire olembedwa papepala la mankhwalawo. Bungwe la OSHA, loona za chitetezo cha antchito ku America, limaika 0.3 ppm (magawo a phosphine pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) pa maola 8 a ntchito.

Tsegulani zitseko. Wovundukula malona avale chigoba chosefa mpweyawu, chifukwa kansalu kakukamwa sikathandiza. Mphepo ikadutsa, yezani ndi kachipangizo koyezera phosphine pamsinkhu wa mphuno ya wonyamula matumba, pakati pa milu, osati pakhomo pomwe pakupita kamphepo.

Kuti mupeze muyeso wa maola 8 aja, muyeso uliwonse chulukitsani ndi maola ake, phatikizani, gawani ndi 8. Maola 4 pa 0.3 ndi ena 4 pa 0.1 akupereka 0.2. Zikapitirira 0.3, onse atuluke, muyezenso pambuyo pake.