Kapangidwe ka sudoku yanu pa foni, kuti ituluke ndi yankho limodzi lokha

Mphunzitsi amene ali ndi kalabu ya masamu, kaya ndi ku Kasungu boma, ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, sayenera kudikira nyuzipepala kuti apeze sudoku, masewera odzaza manambala m'timabokosi, yopatsa ana. Foni yokhala ndi intaneti ndi bandulo yaing'ono zikwanira, chifukwa masamba opangira sudoku ndi manambala okhaokha, sadya data ngati mavidiyo. Vuto lagona pa kutsimikiza kuti sudokuyo ili ndi yankho limodzi lokha. Ikakhala ndi mayankho awiri, mwana amafika pena pamene nzeru sizingamuthandizenso, n'kuyamba kungolota, ndipo phindu lonse la masewerawa lathera pomwepo.

Malamulo ake ndi ochepa. Pali timabokosi 81, mizere yopingasa 9, mizere yotsika 9, ndi zipinda 9 za timabokosi 9 chilichonse, 3 kwa 3. Mu mzere uliwonse ndi m'chipinda chilichonse mulowe manambala 1 mpaka 9, popanda yobwereza. Masewerawa anayamba kusindikizidwa ku America mu 1979 ndi dzina loti Number Place, kampani ya Nikoli ya ku Japan n'kuyamba kuwasindikiza mu 1984, kenaka n'kuwapatsa dzina loti sudoku. Amene anawafalitsa padziko lonse ndi Wayne Gould, yemwe analemba pulogalamu ya pakompyuta yowapangira, ndipo nyuzipepala ya The Times ya ku London inayamba kuwasindikiza mu 2004. Choncho kupangira sudoku pa makina si kubera, ndi mmene masudoku ambiri a m'nyuzipepala amapangidwira.

Njira yachidule

Ngati kalabu ikukumana mawa ndipo nthawi yachepa, tsegulani tsamba la pa intaneti la QQWing, lomwe limapanga lokha masudoku. Sankhani kulimba kwake pakati pa Simple, Easy, Intermediate ndi Expert, nenani kuchuluka kwa masudoku amene mukufuna, ndipo chongani kuti litulutsenso mayankho. Ana amene akuyamba kumene apatseni Simple kapena Easy basi. Zikatuluka, sungani ngati PDF nthawi yomweyo, netiweki isanathawe.

Kuipanga nokha

Apa m'pamene pali kukoma, chifukwa mumasankha nokha kumene mwana ayambire ndi kumene akavutikire. Tsamba lothandiza kwambiri pa ntchito imeneyi ndi SudokuWiki, lomwe lili ndi mabatani atatu ofunika: Solution Count, lowerenga mayankho, Grader, loyeza kulimba, ndi Take Step, lokuonetsani sitepe iliyonse ya kamasulidwe.

Yambani ndi sudoku yodzaza kale, timabokosi tonse 81. Tengani yankho la ina imene QQWing yatulutsa, mulilembe m'kope, chifukwa limeneli ndilo lidzakhale pepala lanu lochongera. Pokopera, phatikizani mzere uliwonse: uyenera kukwana 45. Ukapereweza kapena kupitirira, mwalakwitsa nambala. Dziwani komabe kuti 45 payokha si umboni wokwanira, pakuti mukasinthanitsa manambala awiri mu mzere womwewo idzakwanabe. Onaninso mizere yotsika.

Kenaka yambani kufufuta manambala awiriawiri oyang'anizana. Mukachotsa wa mu mzere wopingasa 2, wotsika 3, chotsaninso wa mu wopingasa 8, wotsika 7. Lamulo lake n'losavuta: chotsani nambala ya mzere pa 10, mupeza mnzake. Kabokosi kapakati penipeni, 5 ndi 5, kalibe mnzake. Kufufuta kotereku sikusintha kulimba, kumangochititsa kuti sudokuyo izioneka bwino, yofanana ngakhale mutatembenuza pepala chadodolido.

Manambala 30 oyambirira mutha kuchotsa mosadandaula kwambiri, bola muziwachotsa mbali zonse, osati kukolola chipinda chimodzi mpaka mbee. Otsala akafika cha m'ma 50, alembeni pa tsamba la SudokuWiki, muzidina Solution Count nthawi iliyonse mwachotsa awiri. Likanena kuti yankho ndi limodzi, pitirizani. Likanena 2 kapena kuposa, bwezerani awiri amene mwangochotsawo, muyese ena. Musadikire kuti mudzayeze kumapeto, chifukwa pamenepo simudzadziwa kuti zinasokonekera pati.

Chimene chimabweretsa mayankho awiri kawirikawiri ndi ichi. Tiyerekeze kuti mu mzere wopingasa woyamba muli 3 pa kabokosi koyamba ndi 8 pa kachisanu, pamene mu mzere wachiwiri muli 8 pa koyamba ndi 3 pa kachisanu. Timabokosi tinayi timeneti tapanga ngodya zinayi, ndipo tili m'zipinda ziwiri zokha. Mukafufuta tonse tinayi, 3 ndi 8 atha kusinthana malo popanda kuphwanya lamulo lililonse: mzere uliwonse ukhalabe ndi 3 mmodzi ndi 8 mmodzi, chipinda chilichonse chimodzimodzi. Mwana wina alemba mwa njira iyi, mnzake mwa njira inayo, onse akhoza, koma pepala lanu lochongera livomera mmodzi yekha. Mankhwala ake n'kusiya nambala imodzi mwa zinayizo yosafufuta.

Cholakwika china chofanana nacho ndi kufufutiratu manambala a mitundu iwiri. Ngati pa otsalawo palibe 4 aliyense komanso palibe 6 aliyense, awiriwa atha kusinthana paliponse. Pa mitundu 9 ya manambala, pazioneka 8 kapena yonse.

Pali malire amene simungawadumphe. Mu 2012, Gary McGuire wa ku University College Dublin ndi anzake anatsimikiza ndi makompyuta kuti palibe sudoku yoyamba ndi manambala 16 okha yokhala ndi yankho limodzi. Ochepetsetsa ndi 17. Koma musalimbane n'kufika kumeneko. Kwa ana a Sitandade 6 mpaka 8 siyani manambala 36 mpaka 40, a sekondale amene azolowera 28 mpaka 32.

Kulimba sikuyendera kuchuluka kwa manambala

Ambiri amaganiza kuti manambala akachepa ndiye kuti sudoku yalimba. Si nthawi zonse. Ilipo ya manambala 25 imene imamasuka ngati mfundo ya chitenje, ilipo ya 32 imene imaimitsa munthu wamkulu. Chimene chimalimbitsa ndi mtundu wa kuganiza kumene ikufuna. N'chifukwa chake Solution Count ikavomera, ntchito isathere pomwepo. Dinani Take Step kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muziwerenga dzina la njira imene makina agwiritsa ntchito. Ngati ndi Naked Single, ndiye kuti kabokosi katsala ndi nambala imodzi yokha yotheka. Hidden Single ndi pamene nambala yatsala ndi malo amodzi okha mu mzere kapena m'chipinda. Ziwirizi mwana wa pulayimale amazitha. Mukaona Pairs, njira yoganizira manambala awiri ndi timabokosi tiwiri nthawi imodzi, imeneyo ndi ya ozolowera, amene amalemba timanambala ting'onoting'ono ta pensulo m'ngodya za timabokosi. Mukaona X-Wing, yomwe ndi njira yovuta kwambiri, kapena zoposa apo, bwezerani manambala awiri kapena anayi, apo ayi ana agwa ulesi sabata yoyamba yomweyo.

Kwa a Sitandade 3 ndi 4 yambani ndi ya 4 kwa 4, ya manambala 1 mpaka 4, kenaka ya 6 kwa 6 yokhala ndi zipinda za mizere iwiri ya timabokosi titatu. Izi zimakwana bwino pa bolodi.

Kusunga ndi kusindikiza

Sudoku iliyonse itha kulembedwa ngati mzere umodzi wa zilembo 81, kuyambira pamwamba kumanzere, kuika 0 pamene palibe nambala. Mzere umenewu usungeni pa foni kapena mudzitumizire nokha pa WhatsApp. Magetsi akazima kapena foni ikathima, mudzangouika pa batani la Import a Sudoku la pa SudokuWiki n'kupitiriza pamene munalekezera. Ndi njira yabwinonso yogawanirana ndi aphunzitsi anzanu a m'zoni, chifukwa chithunzi chimafifia koma manambala olembedwa sasintha. Werengani kuti zakwanadi 81. Chikasowa chimodzi, manambala onse otsatira amasuntha malo.

Pepala la A4 ndi la masentimita 21 kwa 29.7. Timabokosi ta sentimita imodzi timapereka sudoku ya masentimita 9, ndipo zinayi zimakwana pa tsamba limodzi, zomwe zimachepetsa ndalama ya fotokope. Kwa ana aang'ono, amene zilembo zawo n'zazikulu, kuzani timabokosi tifike sentimita imodzi ndi theka, musindikize ziwiri pa tsamba. Mizere yolekanitsa zipinda ikhale yonenepa kuposa inayo. Makina a fotokope inki ikayamba kutha amadya mizere yopyapyala, ndiye yesani pepala limodzi kaye musanalipire mapepala 60. Mayankho akhale pa tsamba lakelake, lolembedwa nambala yofanana ndi ya sudoku yake.

Pa mpikisano, pamene ana akhala mothinana pa desiki limodzi, simufunika kupanga zatsopano. Tengani yomweyo, paliponse pali 1 lembani 7, pali 7 lembani 1, chimodzimodzi 2 ndi 9, 3 ndi 5, kenaka muitembenuze kuti mizere yopingasa ikhale yotsika. Kulimba kukhala komweko, yankho likhalabe limodzi, koma woonera kwa mnzake sapindula kanthu. Musaiwale kusintha pepala lochongera mwa njira yomweyo, ndipo yosinthidwayo muidutsitsenso pa Solution Count, pakuti pokopera ndi dzanja 1 amasanduka 7 mosavuta.