Nandolo ndi msika wa ku India: tisadzagwidwenso njakata

Alimi anzanga a ku Mulanje, Phalombe, Zomba, Chiradzulu ndi Machinga, ndikudziwa kuti chaka cha 2017 simunachiiwale. Nandolo anabereka bwino, koma mavenda omwe ankalimbirana matumba athu chaka cha m'mbuyo mwake anayamba kutchula mitengo yongotinyoza. Ndinaona mayi wina atakhalira thumba lake pafupi ndi sikelo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akukana mtengo. Madzulo anasenzanso thumbalo kubwerera nalo kumudzi, ndalama ya fizi ya mwana asanaipeze. Mpaka lero zimandipweteka mtima.

Mtengowo unagwera kutali, ku New Delhi, likulu la dziko la India. Nandolo wambiri wotuluka m'dziko muno amathera ku India, komwe amamukonola n'kumadya ngati ndiwo za tsiku ndi tsiku. Mu 2014 ndi 2015 mvula inavuta kumeneko, mitengo inakwera, ife kuno n'kukulitsa minda. Mu 2016 mvula inawagwera bwino, alimi awo anakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo, pofuna kuteteza alimi ake, linalamula kuti nandolo wochokera kunja asapitirire matani 200,000 pachaka. Anzathu a ku Mozambique anali atasainirana kale mgwirizano ndi India mu 2016, choncho iwo anapitiriza kugulitsa. Ife tinalibe pepala lililonse.

Mu 2021 Malawi inasainirana ndi India mgwirizano wogulitsa matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, ndipo chaka chomwecho India inafewetsa malamulo ake. Zimenezi zinatithandiza. Komabe chitseko ndi chawo. Akakolola bwino akhoza kuchitsekanso osatifunsa, ndiye tizilima tikudziwa zimenezi.

Musasiye kulima nandolo. Amene anazula nandolo wawo chifukwa chopsa mtima anadzanong'oneza bondo mitengo itakweranso. Chomwe ndikukana ndi kupereka munda wonse kwa nandolo yekha, makamaka ngati mbewu kapena aganyu mwalipira ndi ngongole. Bzalani mosakaniza ndi chimanga kapena mtedza monga ankachitira makolo athu. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, salimbana ndi chimanga, masamba ake akayoyoka amabwezera chonde m'nthaka, mizu yake imaswa nthaka yolimba, mitengo yake ndi nkhuni. Msika ukagwa, m'nkhokwe muli chimanga, ndipo nandolo yemweyo ndi ndiwo: makata, chipere, ana akhuta.

Nthawi yogulitsa ndi nkhani yaikulu imene ambiri sitiiganizira. Alimi a ku India amayamba kukolola cha m'ma Disembala ndi Januwale. Ife timakolola iwo nkhokwe zawo zitayamba kuphwa, ndipo katundu amatenga masabata angapo kuchoka ku Limbe, kudzera ku Nacala kapena ku Beira, kuti akafike. N'chifukwa chake ogula akuluakulu amafuna nandolo msanga. Mitundu yocha msangako ngati Mwaiwathualimi imakuthandizani kupeza msika usanazizire. Dziwaninso kuti kusunga nandolo mpaka Januwale sikufanana ndi kusunga chimanga, chifukwa nthawi imeneyo wa ku India amakhala walowa pamsika.

Yanikani pamkeka kapena patenti, osati pansi. Petani, sankhani, chotsani miyala ndi wofumbwa. Njere youma bwino imalira mukailuma. Wosunga kuti mudye kapena mubzale, ikani m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, mumange bwino mkati monse, anankafumbwe afere momwemo.

Pogulitsa, musapite nokhanokha ndi ndowa. Kalabu kapena kopaletivi ikasonkhanitsa matani angapo imatha kukambirana ndi kampani yotumiza kunja mwachindunji, kapena kusungitsa kunyumba zosungira katundu za ACE, bungwe lothandiza pa malonda a zokolola, n'kulandira lisiti. Muziyeza kaye pasikelo yanu musanapite ku ya wogula, ndipo muzidziwa mtengo wotsikitsitsa umene Unduna wa Zaulimi walengeza chaka chimenecho.

Pempho langa kwa makomiti a makalabu ndi ili: sankhani munthu mmodzi wokhala ndi foni yolowa pa intaneti, ntchito yake ikhale kutsatira nkhani za mvula ya ku India, yomwe imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala, komanso zilengezo za boma lawo pa nandolo. Azifotokoza pamsonkhano uliwonse, makamaka wa mu Okutobala, musanagwirizane kukula kwa minda ya chaka chimenecho.