Kukonza mipata ya zilembo pa chikwangwani ndi pa khadi

Mukamayenda pamsika wa ku Ulóngwè kapena pa Zóbuè mudzaona zikwangwani zina zamitundu yowala bwino, koma mawu ake osakhazikika: zilembo zina zathithikana, zina zatayana. Vuto si makina osindikizira ayi. Kompyuta imaika chilembo chilichonse m'kabokosi kake kosaoneka, pomwe diso la munthu siliona kabokosiko, limaona danga lotsala pakati pa zilembo. Nchifukwa chake mipata imakonzedwa ndi diso, osati ndi rula.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amasokoneza. Tracking imatambasula kapena kupanikiza zilembo zonse zomwe mwasankha mofanana. Kerning imasuntha zilembo ziwiri zokha zoyandikana. Ndondomeko yake ndi iyi: sankhani font (mtundu wa zilembo) ndi kukula kwake, kenako tracking, kerning pomaliza. Mukasintha font mutakonza kale kerning, ntchito yonse mwaitaya, chifukwa font iliyonse ili ndi maonekedwe akeake.

Mu Photoshop tsegulani Window, kenako Character. Pa makompyuta ambiri kuno pulogalamuyi imakhala m'Chipwitikizi, choncho mufune Janela ndi Caractere. Mupeza timabokosi tiwiri tokhala ndi zilembo V ndi A: kena ndi ka kerning, kena ka tracking. Manambala ake amawerengedwa m'magawo 1000 a kukula kwa font. Ngati mawu anu ali pa 100 pt (pt ndi muyeso wa kukula kwa zilembo), kulemba 20 kumawonjezera 2 pt. Njira yachangu ndi kugwira batani la Alt n'kudina muvi wakumanja kapena wakumanzere. Kudina kamodzi kumasuntha ndi 20. Mukasankha liwu lonse, mivi imeneyi imasintha tracking. Mukangoika kamzere kophethira kaja pakati pa zilembo ziwiri osasankha chilichonse, imasintha kerning. Apa ndi pomwe ambiri amakanirira: amasankha zilembo ziwirizo n'kumadabwa kuti kabokosi ka kerning sikakulola nambala. Tracking ikasokonekera, Ctrl, Shift ndi Q imaibwezera pa 0.

M'kabokosi ka kerning muli Metrics ndi Optical. Metrics imatsata mipata yomwe wopanga font anaikamo yekha, ndipo pa font yabwino isiyeni choncho. Optical imayeza maonekedwe a zilembo. Imathandiza pa mafont aulere otsitsa pa intaneti omwe anapangidwa mothamanga, komanso pomwe mwasakaniza mafont awiri m'liwu limodzi.

Tracking ikhale bwanji? Mutu wa zilembo zazikulu zokhazokha, monga TAKULANDIRANI, umapuma bwino pa +50 mpaka +100. Zilembo zazing'ono zisiyeni pa 0, kapena +10 ngati ndi zoyera pa mtundu wakuda. Mutu waukulu kwambiri umafuna kupanikizidwa pang'ono, pa -10 mpaka -25, chifukwa zilembo zikamakula mipata imaoneka ngati yakula kuposa zilembozo. Font yolumikiza zilembo ngati zolemba pamanja, yomwe anthu amaikonda pa makadi a ukwati, musaitambasule konse. Michira yake imaduka ndipo dzina la mkwatibwi limaoneka ngati lathyoka.

Tsono kerning, yomwe ndi mtima wa ntchitoyi. Chinyanja chathu chadzaza ndi A, W, Y, T ndi L, zilembo zomwe zimasiya danga lalikulu zikakumana. Lembani MWAYI kapena MBATATA ndi zilembo zazikulu muone: pakati pa W ndi A, A ndi Y, T ndi A pamatsala mpata, pomwe M ndi B zaima mowongoka moyandikana. Yambani ndi -40 pa WA ndi AY, muonjezere mpaka -80 ngati font ikufuna. Zilembo zowongoka ziwiri, monga N ndi D kapena I ndi R, zimafuna mpata wokulirapo. Zozungulira, monga O ndi C, wocheperapo. Ganizani ngati mukuthira mchenga pakati pa zilembo: paliponse palowe mchenga wofanana.

Samalani kwambiri ndi kachizindikiro ka mu NG'OMBE, M'MUDZI ndi N'ZOTHEKA. Mafont ambiri amakapatsa malo ochuluka, liwu n'kuoneka ngati mawu awiri. Panikizani mbali zonse ziwiri, koma kasakhudze G. Chilembo cha ŵ sichipezeka m'mafont ena, ndipo pulogalamu imabwereka cha font ina kapena kuika kabokosi kopanda kanthu. Zomwezo zingachitike ndi ó wa mu Angónia kapena è wa mu Zóbuè. Kerning singachize zimenezi, sinthani font.

Mu GIMP, yomwe ndi pulogalamu yaulere, dinani T kuti mutsegule chida cholembera mawu. Mpata wa zilembo zonse uli mu Tool Options, ndipo wa zilembo zosankhidwa uli pa kabokosi koyandama pamwamba pa mawu. Kuno muyeso ndi mapixel, choncho nambala yomwe yakwanira pa kapepala kakang'ono siioneka n'komwe pa banner ya mamita awiri. Canva ya pa foni ili ndi Letter spacing, koma imasintha mipata ya zilembo zonse za m'bokosi la mawu. Pa mutu waufupi, gawani liwulo m'mabokosi awiri n'kuwayandikizitsa ndi dzanja.

Poyesa, tembenuzani chithunzicho chadodolido. Mukalephera kuwerenga mawu, diso limayamba kuona mipata yokha. Kenako chepetsani chithunzi mpaka chifanane ndi momwe chikwangwani chidzaonekere kwa wodutsa pa njinga tsidya lina la msewu. Ngati mawu ali pakati, dziwani kuti tracking imaika mpata ngakhale pambuyo pa chilembo chomaliza, ndiye mzere umapendekera kumanzere pang'ono. Ikani chilembo chomalizacho pa 0.

Za pa nsalu ndi pa sitika zisapanikizidwe kwambiri. Inki imayenderera pa T-shirt za kwaya, ndipo mpeni wa makina odulira vinyl (pulasitiki ya masitika) umang'amba timipata topyapyala. Musachite Rasterize musanamalize, popeza mawu akasanduka chithunzi sakonzekanso. Sungani fayilo yanu ya Photoshop (PSD) kapena ya GIMP (XCF) padera, ndipo kwa wosindikiza mutumize PDF kapena PNG, chifukwa kompyuta yake ikasowa font yanu idzaika ina ndipo mipata yonse idzasokonekera.