Kulera galu wotayidwa ndi kumuzoloweza pakhomo panu ku Mangochi

Aliyense amene amalawirira kumsika wa pa boma la Mangochi, kapena kudoko la ku Monkey Bay kumene asodzi amayanika usipa pa mathandala, amawadziwa agalu oonda amene amazungulira chapatali kudikira kuti chinachake chigwe pansi. Ena anatayidwa kutchire ali ana, ena anasiyidwa pamene eni ake ankasamuka. Galu wotere angathe kusanduka mlonda wokhulupirika wa pakhomo, koma zimenezi zimadalira kwambiri mmene mungamusamalire m'masabata oyambirira, pamene iye amakhala asanadziwe ngati dzanja lanu labwera ndi chakudya kapena ndi ndodo.

Njira yosavuta ndiyo kukatenga galu kumabungwe osamalira nyama, monga LSPCA ku Lilongwe kapena BSPCA ku Blantyre. Ulendowo ndi wautali ndithu kuchokera kuno kunyanja, koma kumeneko galu amakhala ataonedwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo mungafunse mbiri yake ndi khalidwe lake musanamutenge. Ambiri a ife timangopeza galu pafupi ndi kwathu. Zikatero, yambani mwafunsa anthu oyandikana nawo komanso anyakwawa, chifukwa galu woyendayenda nthawi zambiri amakhala ndi mwini wake, ndipo si bwino kuyamba ntchito yachifundo ndi mlandu wa kuba.

Musanaganize za dzina kapena khola, ganizirani za chiwewe. Matendawa amafala kudzera m'malovu a nyama yodwala, makamaka ikaluma munthu, ndipo zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu kapena galu sachira. Chovuta n'chakuti galu angathe kukhala ndi kachilomboka kwa masabata kapena miyezi akuoneka wabwinobwino. Choncho galu amene akutuluka dovu, akudzandira, akuluma chilichonse, kapena wafatsa modabwitsa ngati wafa ziwalo, musamugwire ngakhale mutamumvera chisoni chotani. Dziwitsani a ofesi ya ziweto. Amene akuoneka wathanzi mupite naye kwa alangizi a ziweto tsiku lomwelo kapena lotsatira kuti akabayidwe katemera, yemwe kagalu kamayamba kulandira kakakwanitsa pafupifupi miyezi itatu. Sungani bwino khadi limene akupatseni, ndipo muzimubayitsanso chaka ndi chaka. Chakumapeto kwa September, pamene dziko lonse lapansi limakumbukira za matendawa pa 28, ndi nthawi yabwino yofunsa ngati kwanuko kukubwera katemera. Akatswiri amanena kuti agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akabayidwa, chiwewe chimaleka kufalikira, ndipo pa mfundo imeneyi ndi pamene bungwe la Mission Rabies lakhala likubayira agalu ku Blantyre kuyambira mu 2015. Galu wanuyo ndi mmodzi mwa 70 amenewo.

Ngati galuyo waluma kapena kukanda munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti aone mmene bala likhalire. Galuyo musamuphe msanga. Mutsekereni kwa masiku 10 alangizi akumuona.

Mukafika naye kunyumba, mupatseni malo amodzi abata, amthunzi, monga pakhonde la kuseri kapena m'kachipinda kolowa mphepo, ndipo muyale thumba kapena bulangete lakale. Masiku oyambawo mwina adzabisala, kukana kudya, kapena kulira usiku wonse. Musamukoke kumene wabisala, ndipo ana musawalole kumuunjirira. Muzingokhala chapafupi, chammbali, osamuyang'anitsitsa m'maso, n'kumamulankhula ndi mawu otsika mpaka iye mwini atayamba kubwera kudzakununkhizani. Agalu ena amachita zimenezi tsiku lachiwiri, ena pakatha sabata zingapo, ndipo palibe chimene mungachite kuti mufulumize kupatula kukhala munthu yemweyo tsiku lililonse. Chipata chizikhala chotseka, chifukwa galu wosazolowera amathawa kubwerera kumene ankapeza chakudya.

Pali chikhulupiriro chimene ndimatsutsana nacho ndi mtima wonse, chakuti galu amakhala waukali ndi wodziwa kulonda akamamangidwa pa unyolo usana wonse, kumanidwa chakudya ndi kumenyedwa. Galu wozunzidwa chotero amaluma chifukwa cha mantha, ndipo amene amalumidwa kawirikawiri amakhala mwana wa pakhomo pomwepo, osati wakuba. Amene amauwa usiku mlendo akafika ndi galu wokhuta, wodziwa kuti pamenepo ndi pakwawo. Kutentha kwa kuno m'miyezi ya October ndi November kumapha galu womangidwa padzuwa, choncho ngati n'kofunika kumumanga kwa kanthawi, chingwe chikhale chachitali, chofika pamthunzi ndi pamadzi.

Galu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali musamupatse mbale yodzaza nthawi imodzi, chifukwa angasanze kapena kudwala. Muzimupatsa pang'onopang'ono katatu kapena kanayi pa tsiku, kenaka muchepetse kufika kawiri, pa nthawi zosasinthasintha. Nsima ya mgaiwa payokha siyokwanira. Isakanizeni ndi usipa kapena bonya wophika wopanda mchere wambiri, ndi dzira mukalipeza. Minga ya chambo ndi mafupa a nkhuku ophika zimabaya pakhosi ndi m'matumbo, ndipo anyezi amawononga magazi a galu, choncho ndiwo zotsala muzizisankha musanamupatse. Madzi abwino asasowe m'mbale. Kumulola kukamwa yekha ku Shire kapena m'mabango a m'mphepete mwa nyanja ndi kumupereka kwa ng'ona.

Pafupifupi galu aliyense wotoledwa amabwera ndi njoka zam'mimba, nthata ndi nkhupakupa, ndipo ena amakhala ndi mphere zothothola ubweya. Mankhwala ake apezeni kwa alangizi a ziweto kapena kusitolo ya mankhwala a ziweto, mutawauza kukula kwa galuyo. Oyilo wakuda wa galimoto, mankhwala opopera mbewu, ndi mapiritsi a anthu monga Brufen musamupatse kapena kumupaka. Dothi lamchenga la kuno lili ndi vuto linanso: ntchentche zina zimaikira mazira pamene pali mkodzo, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu, makamaka la tiagalu, n'kupanga tizithupsa ta kabowo pakati. Muzisesa pogona pake ndi kuyanika chogonera chake padzuwa.

Kuno ku Mangochi tili ndi achibale ndi anansi ambiri Achisilamu amene chipembedzo chawo chimawafuna kusamba mwapadera malovu a galu akawakhudza. Muphunzitseni galu wanu kusalumphira alendo, ndipo mumutsekere alendo akamabwera. Nkhuku ndi mbuzi muzimuonetsa ali pachingwe, mukumuletsa ndi liwu limodzi lomwelo akafuna kuthamangitsa, ndi kumupatsa kausipa akamvera. Ana aphunzire kusamugwira pamene akudya kapena akugona.

Akanenepa ndi kukhazikika, kambiranani ndi dokotala wa ziweto za kumufula ngati ali wamphongo, kapena opaleshoni yoletsa kubereka ngati ali wamkazi. Galu wamkazi amafuna amphongo pafupifupi kawiri pachaka, bere lake limatha masiku 63 okha, ndipo ana osowa owalera ndi amene amakathera kumsika ndi kudoko kuja. Ngati kwanuko kulibe wodziwa kuchita opaleshoniyi, mutsekereni kwa masabata atatu amene amakhala akufuna amphongo, kufikira mutapeza mpata wopita naye kumene amachita.