Kukula kwa thanki yokololera madzi a mvula: werengerani chilimwe musanagule

Mabanja ambiri amagula thanki poyang'ana ndalama zimene zili m'thumba, kenako n'kudabwa kuti pofika mu Julaye yauma. Chimene chimalamula kukula kwa thanki ndi miyezi yopanda mvula. M'madera ambiri a dziko lino mvula imasiya mu Epulo n'kudzayambanso mu Novembala. Amenewo ndi masiku pafupifupi 180 amene thanki iyenera kukusungani popanda dontho lolowamo.

Gwirizanani kaye pa ntchito ya madziwo. Akumwa ndi ophikira okha, munthu mmodzi amafuna malita 5 pa tsiku. Banja la anthu asanu ndiye kuti malita 25, ndipo pa masiku 180 akukwana 4,500. Thanki ya malita 5,000 ingakwanire. Mukaphatikizapo kusamba ndi kuchapa, werengerani ndowa imodzi ya malita 20 pa munthu, ndipo chiwerengerocho chimafika pa 18,000. Kusiyana n'kwakukulu, n'chifukwa chake timalangiza kuti ngati mjigo uli pafupi, zochapa zipite kumjigo. Dimba ndiye limamwa kwambiri: bedi la masikweya mita 10 likhoza kufuna malita 50 pa tsiku nyengo yotentha.

Tsopano funsani ngati denga lanu lingadzaze thanki imeneyo. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Yezani m'litali ndi m'lifupi mwa nyumba muli pansi, kuchokera pamene madzi a denga amadonthera mbali ino kukafika mbali inayo. Musayeze kupendekeka kwa malata. Nyumba ya mamita 8 ndi 6 ili ndi masikweya mita 48. Kudera lolandira mamilimita 800 pa chaka, monga mbali zambiri za ku Lilongwe, chulukitsani 48 ndi 800, kenako ndi 0.8 chifukwa madzi ena amatayika podumpha ngalande ya m'mphepete mwa denga ndi pouma pa malata otentha. Zotsatira zake ndi malita 30,720. Koma ngati ngalande mwaika mbali imodzi yokha ya denga, mukukolola theka, malita 15,360, ndipo thanki ya 18,000 siidzadzaza. Denga la udzu musaliwerengere, limamwa madzi ambiri ndipo otsalawo amatuluka akuda.

Kuchuluka kwa mvula ya kwanuko kafunseni ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, ndipo mutenge ya chaka chouma, osati cha mvula yabwino. Ku Mulanje ndi ku Thyolo chiperoni chimawonjezerako madzi mu Juni ndi Julaye, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa chilimwe n'chachitali ndipo pamafunika thanki yokulirapo.

Omanga thanki yozungulira ya njerwa kapena simenti ayeze mkati, m'mamita. Tengani theka la m'lifupi, lichulukitseni ndi lokha, kenako ndi 3.14, ndi msinkhu, ndi 1,000. Thanki ya mamita 2 m'lifupi ndi 1.6 msinkhu imasunga malita 5,024. Msinkhuwo ulekezere pa paipi yotayira madzi osefukira, osati pa chivindikiro. Mpopi ukakhala masentimita 10 kuchokera pansi, malita 314 amatsalira m'munsi pamodzi ndi matope, choncho achotseni pa chiwerengero.

Malita 5,000 amalemera matani 5, mofanana ndi matumba 100 a chimanga. Maziko akhale a konkire, osalala ndi osapendekeka. Ming'alu yambiri imayamba chifukwa nthaka yatitimira mbali imodzi. Paipi yotayira ikhale yaikulu ngati yolowetsa, chifukwa mvula ya mamilimita 50 pa denga lija imatsanula malita pafupifupi 1,900 tsiku limodzi, ndipo madziwo akasowa kolowera amakumba maziko. Pakamwa pa mapaipi onse ikani sefa yoletsa udzudzu. Madzi a mvula yoyamba, ya chizimalupsa, atayeni onse. Pa mvula ina iliyonse yotsatira masiku a dzuwa, ndowa yoyamba kapena ziwiri zisalowe m'thanki, popeza zimatsuka fumbi ndi zitosi.